Mutu Waukulu Wolankhula Motsitsa

Anthu amene amakonza mabuku a zikumbutso pakompyuta, mabuku aja otchedwa scrapbook momwe zithunzi za banja zimayalidwa pamodzi ndi mawu ofotokoza, ali ndi kachitidwe kena kooneka ngati kodzitsutsa. Amalemba liwu limodzi ndi zilembo zikuluzikulu, mwina zodzaza theka la tsamba, kenaka n'kulichepetsa mphamvu mpaka mtundu wake utatsala pang'ono kufanana ndi wa pepala limene lagonapo. Liwulo limakhalapo, lalikulu ndithu, koma diso limayamba lafika pa nkhope ya mwana kapena ya agogo, ndipo pambuyo pake m'pamene limazindikira kuti kumbuyoko kwalembedwa "kwathu" kapena "2009". Ambiri amati imeneyi ndi fashoni yobwera ndi kompyuta. Mbiri ya zilembo ikusonyeza zina. Mawu ndi chithunzi akhala akulimbirana tsamba kwa zaka mazana ambiri, ndipo mutu waukulu wolankhula motsitsawu ndi njira yoyamba yowayanjanitsa imene munthu wamba, wopanda makina osindikizira, waipeza m'manja mwake.

Kuyambira kalekale chilembo chachikulu chinali chofuula. M'buku la Mauthenga Abwino lotchedwa Book of Kells, lolembedwa pamanja cha m'ma 800 ndipo lero likusungidwa ku Trinity College mumzinda wa Dublin, muli tsamba limene zilembo zachigiriki zoyamba dzina la Khristu zatenga pafupifupi malo onse, zodzaza ndi mitundu ndi zoluka. Pamenepo panalibe mpikisano, chifukwa chilembocho ndicho chinali chithunzi. Johannes Gutenberg atasindikiza Baibulo lake ku Mainz cha m'ma 1455, anasiya mipata kumayambiriro kwa mabuku ndi machaputala kuti amisiri adzajambulemo zilembo zazikulu pamanja ndi utoto wowala. Patapita zaka pafupifupi mazana anayi, amalonda ndi eni zisudzo anafuna mapepala opachika m'misewu owerengeka patali, koma zilembo zachitsulo zikakula zinkalemera kwambiri ndipo zinkapindika pozizira. Darius Wells wa ku New York anapeza njira yosemera zilembo zamatabwa zambirimbiri ndi makina, ndipo mu 1828 anatulutsa kabuku kosonyeza mitundu yake. M'mbiri yonseyi kukula ndi kufuula zinkayendera limodzi, ndipo chifukwa chake chinali m'zipangizo zenizenizo. Chilembo chopakidwa inki chikadindidwa, inkiyo imakhalapo yonse kapena palibe. Wofuna mtundu wofookerapo ankayenera kusakaniza inki ina ndi kudutsitsanso pepalalo m'makina kachiwiri, ntchito yodula imene munthu womata zithunzi kunyumba sakanailota.

Mabuku a zikumbutso anakulira m'mphepete mwa mbiri imeneyi. M'zaka za m'ma 1800, nyuzipepala zitatsika mtengo ku Britain ndi ku America, anthu anayamba kudula nkhani, ndakatulo ndi makhadi n'kumamata m'mabuku. Chizolowezichi chinafala moti mlembi Mark Twain mu 1873 analembetsa kuboma luso lake la buku lokhala ndi guluu kale pamasamba, longofuna kunyowetsa. Koma m'mabuku amenewo mwini wake sankapanga mutu. Nkhani yodulidwa inkabwera ndi mutu wake wa m'nyuzipepala. Zinthu zinasintha zithunzi zitafika m'nyumba za anthu wamba, makamaka kampani ya Kodak itatulutsa kamera ya Brownie mu 1900 pa mtengo wa dola imodzi. Chithunzi sichinena dzina la munthu, malo kapena chaka, choncho pankafunika mawu. M'mabuku a masamba akuda amene anatchuka nthawi imeneyo, anthu ankalemba ndi inki yoyera timawu tating'ono pansi pa chithunzi chilichonse. Mawuwo ankadziwa malo awo, koma vuto lake linali lakuti tsamba lonse linalibe liwu loligwirizanitsa. Zithunzi zisanu ndi chimodzi za tsiku limodzi zinkangokhala moyandikana, chilichonse ndi kamzere kake.

Mutu wa tsamba monga tikuudziwira lero unakhwima ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1900. Mu 1980 Marielen Christensen anaonetsa mabuku pafupifupi 50 a mbiri ya banja lake pamsonkhano wa World Conference on Records ku Salt Lake City, dera limene mpingo wa Latter-day Saints umalimbikitsa kwambiri kusunga mbiri ya makolo, ndipo chaka chotsatira anatsegula sitolo ya zipangizo za ntchitoyi ku Spanish Fork m'chigawo cha Utah. Kampani ya Creative Memories inayamba mu 1987 n'kufalitsa lusoli kudzera mwa amayi ogulitsa ndi kuphunzitsana m'makomo. Tsamba la mainchesi 12 mbali zonse, pafupifupi masentimita 30, linakhala muyezo wodziwika, ndipo tsamba lotambalala chonchi limapempha mutu. Masitolo anadzaza ndi zilembo zomata, zodinda ndi zodula kuchokera ku makatoni okhuthala. Apa vuto lakale lija linabwereranso lili ndi mano. Chilembo chodulidwa papepala lofiira ndi chofiira paliponse, chili ndi m'mphepete mwakuthwa ndiponso mthunzi, ndipo chikakula chimalanda diso. Buku lopangidwa pofuna kusunga nkhope za anthu linayamba kukhala ndi masamba amene chinthu choyamba kuoneka ndi katundu wogulidwa kusitolo.

Komatu panali mzere wina wa mbiri, wachete, umene sunathe. Opanga mapepala a ku Fabriano ku Italy, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200, ankasokera waya wopindidwa ngati chizindikiro pa sefa yowumbira pepala. Pamene panali wayayo pepala linkapyapyala pang'ono, ndipo chizindikirocho chinkaoneka pokhapokha pepala likayang'anitsidwa kowala, monga momwe timachitira ndi ndalama ya pepala pofuna kudziwa ngati ndi yeniyeni. Chimenechi ndi chizindikiro chachikulu chopanda inki, chokhala m'kati mwa pepala osati pamwamba pake, chosasokoneza zolembedwa. Okonza scrapbook pamanja anayesa kufika pomwepo: ankaphimba zilembo ndi pepala loonekera mkati lotchedwa vellum, kapena kudinda ndi inki yopanda mtundu ya VersaMark imene imangodetsa pang'ono pepala pamene yakhudza. Umenewu ndi umboni wakuti chilakolakocho chinalipo kompyuta isanalowe m'ntchitoyi. Chimene kompyuta inawonjezera ndi muyezo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 Ed Catmull ndi Alvy Ray Smith anapanga njira yoti kadontho kalikonse ka chithunzi kazisunga nambala yonena kuti kakuonekera mkati motani, ndipo mu 1984 Thomas Porter ndi Tom Duff anafotokoza masamu osanjikizira zithunzi zotere. Pulogalamu yokonzera zithunzi ya Photoshop inalandira ma layer, kutanthauza magawo osanjikizana, mu 1994, ndipo Photoshop Elements yotsika mtengo inatuluka mu 2001. Kuchokera pamenepo munthu aliyense angathe kuika liwu pa layer yakeyake pansi pa zithunzi, kutenga mtundu wake kuchokera ku pepala lomwelo, kutsitsa opacity, yomwe ndi mphamvu ya kuoneka kwake, kapena kusankha kasakanizidwe ka mitundu ka Soft Light, n'kusiya mizere ya pepala ikuonekera m'zilembo. Kukula kwa chilembo ndi mphamvu yake zinakhala zinthu ziwiri zosinthika padera.

Wina angafunse kuti, ngati mutuwo ukuufooketsa, unaukulitsiranji? Funsoli likuganiza kuti ntchito ya mutu ndi kuwerengedwa basi. Mutu waukulu umagwiranso ntchito ina: umamanga tsamba. Liwu lodutsa kumbuyo kwa zithunzi zitatu limazilumikiza kukhala nkhani imodzi, limadzaza malo opanda kanthu popanda kuwonjezera zokongoletsa, ndipo limanena mtima wa tsikulo. Kamutu kakang'ono kakuda pakona sikangachite zimenezi. Chitsutso cholemera kwambiri n'cha maso. Mabuku amenewa amawerengedwa ndi agogo, ndipo adzawerengedwa ndi eni ake atakalamba. Kulemba zinthu zosaoneka bwino ndi kutsekera anthu otere kunja. Mfundo imeneyi ndi yoona ndipo siyenera kupeputsidwa. Komabe malangizo a WCAG 2.0 a mu 2008, othandiza kuti zolembedwa pa intaneti ziziwerengeka kwa ovutika kuona, amafuna kusiyana kwa 4.5 pa 1 pakati pa zilembo wamba ndi pamene zagona, koma 3 pa 1 pa zilembo zazikulu. Ndiye kuti kukula kumabwezera china mwa zimene kufooka kwachotsa, ndipo n'chifukwa chake njirayi imayenda bwino ndi zilembo zonenepa, pamene zowonda zimangosowa. Mitu yambiri yotere imatsika kupitirira muyezo umenewo, ndipo pamenepo iyenera kuonedwa ngati chokongoletsa chabe, chosasenza uthenga umene sukupezeka pena patsambalo.

Palinso nkhani ya kusindikiza. Tsamba la pakompyuta nthawi zambiri limakonzedwa pa mapikiseli 3600 mbali zonse kuti lidzatuluke la mainchesi 12, koma sikirini imawala yokha pamene pepala limadalira kuwala kwa m'chipinda. Mutu wooneka bwino pasikirini ungathe kuzimiririka papepala, kapena kuda n'kuyamba kulimbana ndi zithunzi, choncho wosamala amayamba wasindikiza tsamba limodzi loyesera. Ndipo maina a anthu, malo ndi tsiku, zimene mdzukulu adzazifune zaka 40 zikubwerazi, ziyenera kulembedwabe ndi zilembo zazing'ono zooneka bwino pafupi ndi chithunzi, monga ankachitira a inki yoyera aja m'zaka zoyambirira za Brownie.