Mawu ndi Zizindikiro Zodziwira Zaka za Mfuti Zakale za Lever

Mfuti ya lever ndi yomwe ili ndi chigwiriro chachitsulo pansi pake, kumbuyo kwa kachitsulo kowombera. Mwini mfuti akachikankhira kutsogolo, chigoba cha chipolopolo chowombedwa kale chimatayidwa kunja. Akachibweza, chipolopolo china chimalowa mu mpope. Pa mfuti zambiri zotere, zipolopolo zimandandalikidwa m'kampope kena kogona pansi pa mpope waukulu. Mfutizi zidatchuka ku America, makamaka zopangidwa mumzinda wa New Haven ku Connecticut, ndipo wofuna kudziwa mtundu ndi zaka zake ayenera kuyamba waphunzira mayina a ziwalo zake.

Chiwalo choyamba kuyang'ana ndi receiver, kutanthauza thupi lachitsulo lapakati lomwe limalumikiza mpope ndi thabwa logunda paphewa. Mfuti ya Henry ya 1860, yomwe adaikonza Benjamin Tyler Henry, kawirikawiri ili ndi thupi lamkuwa wachikasu, ilibe thabwa logwirira pansi pa mpope, ndipo zipolopolo amazilowetsera chakutsogolo. Winchester ya 1866 nayonso ndi yamkuwa, n'chifukwa chake adaitcha Yellow Boy, koma ili ndi thabwa logwirira komanso kakhomo kolowetsera zipolopolo cha kumanja kwa thupi. Kakhomoka, kotchedwa loading gate, ndi luso la Nelson King. Winchester ya 1873 ndi yachitsulo, ili ndi timapale tiwiri tomasuka m'mbali ndiponso kachivundikiro koteteza fumbi pamwamba. Za 1886, 1892 ndi 1894 adazikonza John Moses Browning, ndipo zilibe timapale timeneti. Ya 1895 siisokoneza, chifukwa zipolopolo zake zimakhala m'kabokosi pansi pa thupi. Mfuti za Marlin kuyambira 1889 zimadziwika ndi denga lotsekeka, popeza zimataya chigoba cham'mbali, pomwe za Winchester zakale zimachitaya m'mwamba.

Mtundu umodzi unkatuluka m'maonekedwe atatu. Pa Winchester 1873, rifle nthawi zambiri inkakhala ndi mpope wa mainchesi 24, wozungulira kapena wa mbali zisanu ndi zitatu. Carbine inali yaifupi, ya mainchesi 20, yokhala ndi mphete yachitsulo kumanzere yomangirira pokwera hatchi. Musket inali ya asilikali, ya mpope wa mainchesi 30.

Pa nkhani ya zaka mpomwe ambiri amaphonya. Chaka chomwe chili m'dzina la mfuti ndi cha mtundu wake, osati chomwe mfutiyo idapangidwa. Winchester 1873 idagulitsidwa kwa zaka pafupifupi 50, ndipo zidapangidwa zoposa 700,000. Za 1894 zidapitirira 7 miliyoni. Chimodzimodzinso masiku a patent odindidwa pa mpope: amangosonyeza pomwe boma lidavomereza luso la wokonza. Mpope wa Winchester 1873 ungaonetse tsiku la 16 Okutobala 1860, pomwe mfutiyo idatuluka m'fakitale patapita zaka 30. Tsiku lotere limangotsimikiza kuti mfutiyo siyakale kuposa pamenepo.

Umboni wodalirika ndi serial number, nambala yomwe fakitale inkapatsa mfuti iliyonse motsatana. Pa 1873 imapezeka pa lower tang, kalilime kachitsulo kolowa m'thabwa chapansi. Pa 1892 ndi 1894 ili kunsi kwa thupi, chakutsogolo. Mabuku a fakitale ya Winchester amasungidwa ku Cody Firearms Museum, mumzinda wa Cody ku Wyoming. Kwa mfuti zomwe zidalembedwa m'mabukuwo, malowa amapereka kalata yosonyeza tsiku lomwe mfuti idalowa m'nyumba yosungira katundu, tsiku lomwe idatumizidwa, kukula kwa chipolopolo ndi mtundu wa mpope.

Zilembo za chipolopolo nazonso zimachitira umboni. W.C.F. akuimira Winchester Center Fire. Chipolopolo cha .44-40 chidabwera ndi mfuti ya 1873. Nambala yoyamba ndi kukula kwake, yachiwiri ndi muyeso wa onga wakuda. Cha .30-30 chidatuluka mu 1895 ndipo chinali cha onga wopanda utsi, choncho mpope woyambirira wa chipolopolo chimenechi sungakhale wakale kuposa chakacho. Palinso proof mark, chidindo chosonyeza kuti mfuti idayesedwa. Winchester idayamba kudinda zilembo W ndi P m'kamzere kozungulira cha m'ma 1905. Zidindo za London kapena Birmingham zimasonyeza kuti mfutiyo idadutsa m'malonda a ku Britain, pomwe za ku Italy zimaulula kuti ndi yotsanzira yamakono, monga zomwe amapanga a kampani ya Uberti.

Zaka ziwiri zimamveka kawirikawiri pakamwa pa osonkhanitsa mfuti. Malamulo a boma la America amaitcha mfuti antique ngati idapangidwa mu 1898 kapena m'mbuyo mwake, ngakhale maiko ena ali ndi malamulo awoawo. Mawu akuti pre-64 amanena Winchester yopangidwa isanafike 1964, chaka chomwe kampaniyo idasintha kapangidwe pofuna kuchepetsa ndalama.

Chizindikiro chimodzi sichikwanira, chifukwa mpope kapena thabwa zimatha kusinthidwa m'zaka zonsezi. Nambala, zilembo, zidindo ndi maonekedwe a thupi ziyenera kugwirizana. N'chifukwa chake akatswiri amaletsa kukwecha mfuti yakale ndi sandipepala kapena kuipaka utoto watsopano: kutero kumafufuta zilembo zosazama, kumachotsa mtundu wofiirira womwe chitsulo chimatenga ndi ukalamba, ndipo kumagwetsa mtengo wake. Mfuti yotere imayamba yaonedwa ngati ilibe chipolopolo, kenako imangopukutidwa ndi kansalu ka mafuta pang'ono, ndipo siiwombedwa mpaka mmisiri wa mfuti ataiyesa.