Mahatchi a Mtundu wa Friesian: Zoyenera Kudziwa Pogula

Friesian ndi mtundu wa mahatchi wochokera ku Friesland, chigawo cha kumpoto kwa dziko la Netherlands. Mahatchiwa ndi akuda bii, ojintcha, a mchira wautali komanso ubweya wambiri m'munsi mwa miyendo. Kale ankakoka ngolo ndi kulima, koma lero ambiri amawagula kuti azikwera kapena kupita nawo ku mipikisano.

Kaundula wa mtunduwu amasungidwa ndi bungwe la KFPS, lomwe linakhazikitsidwa mu 1879. Pofika 1913, amphongo ovomerezeka anali atangotsala atatu. Chifukwa chokwerana pachibale, ena amabadwa opinimbira kapena ali ndi madzi m'mutu, ndipo kuyeza DNA kumaonetsa makolo amene angapatsire ana matendawa.

Mtengo umatengera msinkhu, maphunziro ndi mapepala a hatchiyo. Akatswiri a KFPS amaunika maonekedwe ndi mayendedwe ake, ndipo yochita bwino imalandira ulemu wa "ster", umene umakweza mtengo.

Kuda kokha si umboni kuti hatchi ndi Friesian. Musanalipire, onetsetsani kuti nambala ya microchip ikufanana ndi ya pamapepala, ndipo muitane dokotala wa ziweto wanuwanu adzaiyeze.