Miyala ya ku Mua ndi masiku asanu ndi limodzi a m'buku la Genesis

Munthu wochoka pa Masasa, pamsewu wa M1, n'kutsika ndi msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere mpaka pa Golomoti, amakhala atatsika mamita pafupifupi 1 000. Kumbuyo kwake kumatsala khoma la mapiri, kutsogolo kwake n'chigwa cha Bwanje chomwe chayala mpaka kunyanja. Akatswiri a za miyala ndi nthaka amati khomali ndi chipsera cha mng'alu waukulu womwe ukung'amba Africa pang'onopang'ono kuchokera ku Ethiopia mpaka ku Mozambique, ndipo kuti ntchito imeneyi yatenga zaka mamiliyoni.

Kwa Mkhristu yemwe anakula akumva kuti dziko linalengedwa m'masiku asanu ndi limodzi, zaka 6 000 zapitazo, mawu otere amamulasa. Wophunzira wa sekondale amalemba za mng'aluwu pamayeso a jogalafe mkati mwa sabata, Lamulungu n'kukamva zooneka ngati zotsutsana nazo, ndipo ena amafika poganiza kuti ayenera kutaya chimodzi, sukulu kapena chikhulupiriro. Komatu funsoli ndi lakale kuposa masukulu a m'dziko muno, ndipo mipingo yomwe inafika m'mphepete mwa nyanjayi inabwera italimbana nalo kale.

Zomwe chigwachi chikusonyeza

M'tsinde mwa mapiriwa mumadutsa mng'alu wotchedwa Bilila-Mtakataka, wotalika makilomita oposa 100. M'chaka cha 1997 akatswiri awiri, James Jackson ndi Tom Blenkinsop, anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti mng'aluwu ngwamoyo. M'malo ambiri umaoneka ngati chitunda chongoti njo, choposa mamita 10, pamene nthaka ya kuchigwa inatitimira ya kumapiri n'kutsala m'mwamba. Misheni ya Mua, yomwe ansembe a chipani cha White Fathers anaitsegula m'chaka cha 1902, inamangidwa m'dera lomweli, pamene mtsinje wa Nadzipokwe umagwa pamatanthwe polowa m'chigwa.

Zipangizo za GPS zimasonyeza kuti mbali ziwiri za chigwa cha Nyanja ya Malawi zikutalikirana ndi milimita imodzi kapena ziwiri pachaka, liwiro lochepa kwambiri kuyerekeza ndi momwe chikhadabo chimakulira. Masamu ake ngosavuta. Ngakhale khomalo litamakwera ndi milimita yathunthu chaka chilichonse, zaka 6 000 zingapereke mamita 6 okha, pamene mamita 1 000 angafune zaka miliyoni imodzi. Miyala yomwe mng'aluwu ukudula ndiyo yakale koposa: inaphikika pansi pa nthaka zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo.

Umboni wina uli pansi pa nyanja. Alimi a mpunga pasikimu ya Bwanje amadziwa bwino kuti dzinja lililonse mtsinje wa Namikokwe umatsitsa mchenga ndi matope ochoka kumapiri. Matope ngati amenewa akafika m'nyanja amakhazikika, atsopano pamwamba pa akale. M'chaka cha 2005 gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Christopher Scholz wa ku Syracuse University linaika makina pachombo cha Viphya n'kuboola pansi pa nyanja mamita pafupifupi 380. Matope omwe anatulutsa akusunga mbiri ya zaka pafupifupi 1.3 miliyoni. Akusonyeza kuti nyanjayi yaphwapo n'kudzazanso kambirimbiri, ndipo pakati pa zaka 135 000 ndi 75 000 zapitazo kunagwa zilala zomwe zinatsitsa madzi ndi mamita oposa 500. M'matope omwewo munapezekanso phulusa la phiri la Toba la ku Indonesia, lomwe linaphulika zaka pafupifupi 74 000 zapitazo. Zimenezi n'zovuta kuzifotokoza ndi chigumula chimodzi cha chaka chimodzi.

Ku Karonga ndiko kuli mafupa a Malawisaurus, chinyama chomwe chinakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, komanso chibwano chomwe chinapezeka ku Uraha m'chaka cha 1991, cha cholengedwa cha mtundu wa anthu cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni.

Nanga zaka za dziko lonse amaziwerenga bwanji? Ambiri amatchula Carbon-14, koma njira imeneyo imathera pa zaka pafupifupi 50 000 ndipo imagwira pa zinthu zomwe zinali zamoyo. Pa miyala amagwiritsa ntchito uranium, yomwe imasanduka mtovu pa liwiro lodziwika: theka la uranium-238 limasanduka m'zaka 4.47 biliyoni. Poyeza kuchuluka kwa ziwirizi m'mwala, amadziwa nthawi yomwe mwalawo unauma. M'chaka cha 1956 Clair Patterson anayeza mtovu wa m'miyala yogwa kuchokera kuthambo n'kupeza zaka 4.55 biliyoni. Kuyambira pamenepo kuyeza kwabwerezedwa ndi njira zosiyanasiyana, ndipo chiwerengero chovomerezeka lero ndi zaka 4.54 biliyoni.

Komwe kunachokera zaka 6 000

Baibulo silitchula chaka chomwe dziko linalengedwa. Chiwerengero chotchukachi n'cha James Ussher, mkulu wa mabishopu wa ku Armagh m'dziko la Ireland, yemwe m'chaka cha 1650 anaphatikiza zaka za mibadwo yolembedwa m'Chipangano Chakale ndi mbiri ya mafumu akale n'kupeza chaka cha 4004 Khristu asanabadwe. Inali ntchito ya munthu wophunzira kwambiri, osati nthabwala monga ena amaitengera lero. Osindikiza anayamba kuika zaka zakezo m'mphepete mwa masamba a Baibulo la Chingerezi, ndipo owerenga ambiri anazitenga ngati gawo la malembo.

Vuto lake n'lakuti mindandanda ya mibadwo m'Baibulo nthawi zina imadumpha mayina. Mateyu, pamutu woyamba, anasiya mafumu atatu pakati pa Yoramu ndi Uziya omwe mabuku a Mafumu ndi Mbiri amawatchula. Mchewa sangadabwe nazo: munthu amatchedwa mwana wa kholo lomwe linamwalira mibadwo ingapo iye asanabadwe.

Kukayika zoti masiku a m'Genesis ndi a maola 24 sikunayambe ndi asayansi. Augustine Woyera, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, analemba buku lomasulira Genesis kumayambiriro kwa zaka za m'ma 400. Iye anaona kuti dzuwa likulengedwa pa tsiku lachinayi, choncho masiku atatu oyambawo sangakhale ngati omwe anthu amawadziwa. Maganizo ake anali akuti Mulungu analenga zonse pakamodzi, ndipo masikuwo ndi njira yofotokozera. Anachenjezanso kuti Mkhristu akamalankhula zosadziwa pa nkhani za dziko ndi thambo, n'kumati akuzitenga m'malembo, amanyozetsa malembowo pamaso pa anthu odziwa.

Wowerenga mosamala amaonanso kuti nkhani za chilengedwe zilipo ziwiri. M'mutu woyamba zomera ndi nyama zikubwera munthu asanalengedwe, mwamuna ndi mkazi pamodzi. Kuyambira pa Genesis 2:4 mwamuna akuumbidwa poyamba, kenako munda, nyama, n'kumalizira mkazi. Ngakhale dzina la Mlengi likusintha pomwepo: Buku Lopatulika la 1922 likuwonjezera dzina la Yehova, pamene Buku Loyera la 1998 linasankha Chauta. Pavesi lomwelo mawu a Chiheberi akuti yom, omwe ndi tsiku, akuimira nthawi yonse ya chilengedwe.

Njira zomwe Akhristu atsata

Njira ziwiri zoyanjanitsira malembo ndi miyala zinatchuka ndi anthu a mpingo womwe unadzatsegula Livingstonia ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, kutsidya kwa madzi kuchokera ku Mtakataka. Thomas Chalmers, mtsogoleri woyamba wa Free Church of Scotland, ankaphunzitsa kuti pakati pa vesi loyamba ndi lachiwiri la Genesis pakhoza kukhala nthawi yaitali yosatchulidwa, ndipo masiku asanu ndi limodziwo ndi okonzanso dziko lomwe linalipo kale. Hugh Miller, mmisiri wosema miyala yemwe anadzakhala katswiri wa mafupa akale, m'buku lake la 1857 anati tsiku lililonse likuimira nyengo yaitali. Henry Drummond, mlaliki ndi mphunzitsi wa sayansi wa mpingo womwewo, anafika pa Nyanja ya Malawi m'chaka cha 1883 kudzaona miyala ndi zachilengedwe, ndipo iye anapitirira apo: ankakhulupirira kuti kusintha kwa zamoyo pang'onopang'ono ndi njira yomwe Mulungu amagwirira ntchito.

Njira ya Chalmers ndi ya Miller zili ndi pofooka pake. Nthawi yobisika pakati pa mavesi awiri malembo saitchula, ndipo ndondomeko ya masiku siigwirizana bwino ndi ya miyala: sayansi imati dzuwa linalipo zomera zisanamere, komanso kuti nyama za pamtunda zinatsogola mbalame.

N'chifukwa chake akatswiri ambiri a Baibulo masiku ano amatsata njira yachitatu, yofunsa kaye kuti mlembiyo amalemba nkhani ya mtundu wanji. Iwo amaona kuti masiku atatu oyamba akukonza malo, omwe ndi kuwala ndi mdima, thambo ndi nyanja, ndiponso mtunda, pamene atatu otsatirawo akudzaza malowo motsatana chimodzimodzi. Mitundu yozungulira Aisraeli inkapembedza dzuwa ndi mwezi, koma Genesis sakuzitchula n'komwe mayina, akungoziyesa zounikira zomwe Mulungu anaika. Pakuwerenga kotere, mutuwu ukuyankha funso lakuti analenga ndani ndipo munthu ali ndi udindo wotani, osati lakuti zinatenga zaka zingati.

Mpingo wa Katolika, mwini wake wa misheni ya Mua, unatsegula khomo limeneli msanga. M'chaka cha 1909, patangopita zaka zisanu ndi ziwiri Mua atakhazikitsidwa, bungwe la Papa loona za Baibulo linalola kuti yom amveke ngati tsiku wamba kapena ngati nyengo. Papa Pius XII m'chaka cha 1950 anati nkhani ya kusintha kwa thupi la munthu ikhoza kufufuzidwa, bola mzimu uvomerezedwe kuti umalengedwa ndi Mulungu, ndipo Papa John Paul II anabwerezanso nkhaniyi m'chaka cha 1996. Yemwe anayambitsa ganizo lomwe lero limatchedwa Big Bang, m'chaka cha 1927, anali wansembe wa ku Belgium, Georges Lemaître.

Ku Mua komweko kuli chitsanzo cha kuwerenga kwa mtunduwu. Malo a Kungoni, omwe Bambo Claude Boucher anawayambitsa m'chaka cha 1976, amasunga miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Achewa ali ndi nkhani yawo ya chiyambi: Chauta, mwamuna, mkazi ndi nyama anatsika ndi mvula pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, thanthwe likadali lofewa, n'kusiyapo mapazi. Munthu atapeka moto tchire linapsa, nyama zinamuthawa, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Palibe gogo yemwe amafunsidwa chaka chomwe motowo unayaka. Omvera amadziwa kuti nkhaniyo ikunena za momwe munthu anasokonezera mtendere pakati pa iye, nyama ndi Mlengi. Mkhristu sangaike Genesis pamlingo umodzi ndi Kaphirintiwa, koma khutu lomwe limamva nkhani ya Kaphirintiwa moyenera lingathandize pomva Genesis.

Pomwe mkangano ukadalipo

Si onse amavomereza izi, ndipo zifukwa zawo n'zosapepuka. Chiphunzitso chakuti dziko ndi laling'ono m'zaka chinapezanso mphamvu m'chaka cha 1961, John Whitcomb ndi Henry Morris a ku America atatulutsa buku lakuti The Genesis Flood, lonena kuti miyala yosanjikizana ndi mafupa akale ndi zotsalira za chigumula cha Nowa. Mpingo wa Seventh-day Adventist, womwe uli m'dziko muno kuyambira 1902, pamsonkhano wake waukulu wa 2015 unalimbitsa mawu a chikhulupiriro chake kuti chilengedwe chinachitika posachedwa, m'masiku enieni asanu ndi limodzi. Kwa iwo Sabata laima pa sabata yeniyeni ya chilengedwe, monga Eksodo 20 akulumikizira ziwirizi.

Funso lolemera koposa ndi la imfa. Ngati Malawisaurus anafa zaka mamiliyoni munthu asanakhaleko, nanga Paulo akutanthauzanji pa Aroma 5 pamene akuti imfa inalowa kudzera mwa munthu mmodzi? Ovomereza dziko lakale amayankha kuti Paulo akunena za imfa ya anthu ndi kulekana kwawo ndi Mulungu, osati ya nyama. Pa za Adamu nawonso sagwirizana: ena amati anali munthu weniweni wolengedwa mwapadera, ena amati anali woyamba mwa anthu omwe Mulungu anadziulula kwa iwo, ena amati dzinalo, lomwe m'Chiheberi limatanthauza munthu, likuimira mtundu wonse. Apa miyala ilibe chonena, ndipo mkanganowu ndi wa akatswiri a malembo okhaokha.

Pa zaka za dziko, umboni wapendekera mbali imodzi. Oteteza zaka 6 000 amayenera kunena kuti uranium inkasanduka mofulumira kale, kapena kuti Mulungu analenga dziko looneka lokalamba. Yankho loyambalo lilibe umboni, ndipo kutentha kotuluka pa kusanduka kofulumira chotero kukanasungunula miyala. Lachiwirilo limasautsa ngakhale abusa ena, chifukwa limatanthauza kuti m'matope a pansi pa nyanja munalembedwa zilala zomwe sizinachitike.

Kwa anthu a m'chigwa cha Bwanje nkhaniyi ili ndi mbali inanso. Kuyeza komwe kumapereka zaka za khoma la mapiri ndi komwenso akatswiri amagwiritsa ntchito poyerekeza kukula kwa zivomezi zomwe zingadze. Pa 10 Malichi 1989 chivomezi champhamvu yopitirira 6 chinagwedeza Salima ndi Dedza, chinapha anthu 9 ndi kusiya pafupifupi 50 000 opanda pokhala. Jackson ndi Blenkinsop anawerengera kuti mng'alu wa Bilila-Mtakataka utati usunthe wonse nthawi imodzi, mphamvu ya chivomezicho ingayandikire 8. Kafukufuku wa pambuyo pake akusonyeza kuti chitundacho chinakwera ndi zivomezi zingapo zotalikirana zaka zikwizikwi, osati chimodzi, ndipo midzi ya ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka yandandalika m'mphepete mwake.