Ana ndi Akamwini a Robert Todd

Tikamva za nkhondo ya paciweniweni ya ku Amereka (1861–1865), imene inathetsa ukapolo m'dziko lija, timakumbuka Abraham Lincoln. Koma iyeyonso anali mkamwini pamudzi pa eni, pakuti anakwatira Mary, mwana wa Robert Todd wa ku Lexington, m'cigawo ca Kentucky. Mkuruyo anamwalira mu 1849, nasiya ana 14 a akazi awiri. Ndipo pobuka nkhondo mbumbayo inang'ambika, ana 6 natsata Akumpoto, 8 natsata Akumwera.

Samuel anagwa ku Shiloh mu April 1862. Itapita miyezi inai, mng'ono wace Alexander anafa pafupi ndi Baton Rouge, atalasidwa mumdima ndi anzace omwe. Onse awiri anamenyera Akumwera.

Koma imfa imene itigwira mtima koposa ndiyo ya mkamwini Benjamin Helm, mwamuna wa Emilie. Lincoln anamkonda, namuitanira ku nchito ya kulipira asilikari ace. Iye anakana, nakhala kazembe wa Akumwera, nafa ku Chickamauga mu September 1863. Mu December wamasiyeyo analandiridwa ku White House, angakhale anakana kulumbira kuti adzamvera boma. Ndipo ena anang'ung'udza kuti mtsogoleri wa dziko asunga mdani m'nyumba mwace.

Mu April 1865 Lincoln yemwe anaomberedwa ndi mfuti m'nyumba ya masewero ku Washington. Mary anakhala wamasiye zaka 17. Emilie anakhala zaka 66, kufikira 1930.