Mmisiri Pamaso pa Akuluakulu Oyesa

Kuyambira kale, masukulu aukachenjede a ku Ulaya ankapereka digiri ya udokotala, imene lero timaitchula PhD, kwa munthu yekhayo amene walemba buku lalikulu nayankha mafunso pamaso pa akuluakulu omuyesa. Ndipo wosema kapena wojambula, ngakhale luso lake likhale lodabwitsa chotani, ankaima kunja kwa mpanda, pakuti anthu ophunzira a masiku amenewo ankakhulupirira kuti nzeru yoona imakhala m'mawu olembedwa, osati m'manja. Ku England khomo silinatsegukire ku mayunivesite akale otchuka aja ayi, koma ku mapolitekiniki, amene madigiri awo ankavomerezedwa ndi bungwe la CNAA, lokhazikitsidwa mu 1964. Bungweli linalola kuti chimene wophunzira wapanga chiperekedwe pamodzi ndi zolemba zake, ndipo mu 1978 Andrew Stonyer, wa ku Leicester Polytechnic, analandira digiriyo atafufuza za zosema zoyenda ndi mphamvu ya dzuwa.

Ku Leicester komweko kunali Ernest Edmonds, amene mu 1970, pamodzi ndi mnzake Stroud Cornock, anaonetsa ntchito imene munthu wodzaona ankayankhulana ndi kompyuta, nakhala iye mwini mbali ya ntchitoyo. Apa mpamene pagona nkhani yonse. Chithunzi chopachikidwa pakhoma chimakhala chomwecho ngakhale m'nyumbamo mulibe munthu. Koma ntchito yamtundu uwu, imene imamva mapazi a munthu, dzanja lake kapena mpweya wake, niisintha maonekedwe ndi mamvekedwe monga mwa zimene iye wachita, imangogona ngati yakufa kufikira mlendo ataikhudza. Taonani Osmose, imene Char Davies anaipanga mu 1995: munthu ankavala chisoti chomuonetsa dziko lopangidwa ndi kompyuta ndi chovala china pachifuwa, ndipo akakoka mpweya ankakwera m'dzikomo, akautulutsa ankatsika. Kodi mmisiri wotere adzadziwa bwanji chimene wapanga, ngati sapenyetsetsa zimene anthu akuchita nacho ndi kuwafunsa zimene zikuchitika m'mitima mwawo? Funso limeneli silingayankhidwe m'nyumba yosungiramo mabuku, komabe ndi funso loyenera kafukufuku monga lina lililonse.

Mu 1992 mapolitekiniki anasanduka mayunivesite, ndipo masukulu a zaluso anayamba kufunsidwa kafukufuku kuti alandire ndalama zaboma. Mkangano unabuka. Ena ankati chopangidwacho nchokwanira pachokha, ena ankati popanda zolemba palibe chimene wina angaphunzirepo. Ndipo mu 1993 Christopher Frayling, wa ku Royal College of Art, analekanitsa kufufuza za luso, kufufuza kudzera m'luso, ndi kufufuza kothandiza kupanga luso, kulekanitsa kumene aphunzitsi akutsutsanabe nako. Ine ndiima ndi ofuna zolemba, chifukwa makina amakalamba msanga, ndipo ntchito imene inasangalatsa khamu la anthu dzulo imakana kuyaka pakapita zaka zochepa. Chotsalira kwa obwera m'mbuyo ndicho chimene mmisiri anafotokoza moona mtima.

Roy Ascott anakhazikitsa gulu la kafukufuku lotchedwa CAiiA ku Newport, m'dziko la Wales, mu 1994, naitana amisiri okhwima kale, Davies yemweyo ali mmodzi wa iwo, kuti pofuna digiri ya udokotala azigwira ntchito kwawo, kukambirana pa intaneti, ndi kusonkhana kangapo pachaka m'mizinda yosiyanasiyana. Mu 2003 gululi linatchedwa Planetary Collegium, ndipo likulu lake linali ku Plymouth.

Koma mwambo umene ndiuona wozama koposa ndi wa ku Sydney, kumene Edmonds ndi Linda Candy anasamutsira ntchito imene anaiyamba ku Loughborough. Mu 2004, mogwirizana ndi Powerhouse Museum, anatsegula malo otchedwa Beta_space, kumene wophunzira ankaika ntchito yake isanathe, pamaso pa ana asukulu, makolo ndi alendo amene sanamudziwe ndipo analibe chifukwa chomusyasyalika. Mlendo wovomera ankajambulidwa pa vidiyo akusewera ndi ntchitoyo, kenaka ankaonetsedwa vidiyoyo kuti afotokoze zimene ankaganiza pa mphindi iliyonse. Ndipo wophunzira, amene mwina ankayembekeza kuti anthu adzayenda mofatsa, ankawaona akuthamanga, kapena akuima chilili osadziwa pogwira. Akale anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo kudekha kumeneku ndiko ophunzirawo ankaphunzitsidwa: kubwerera ku ntchito, kusintha, kuyesanso, ndi kulemba chifukwa cha kusintha kulikonse. Pa tsiku loyesedwa, akuluakulu ankaweruza zonse ziwiri, buku ndi ntchito, pakuti monga Candy anafotokozera m'kabuku kake kolangiza ophunzira ka 2006, kafukufuku wotere sangamveke kwathunthu popanda kuona chopangidwacho.