Nyimbo za Zidzukulu za Akapolo ku Morocco

M'caka ca 1591 asilikali a Ahmad al-Mansur, mfumu ya ku Morocco, anadutsa cipululu ca Sahara nagonjetsa ufumu wa Songhai pa nkhondo ya ku Tondibi. Akapolo akuda anali kufika ku Morocco kale lomwe, koma nkhondoyi inaonjezera unyinji wao. Anthuwa anasiya abale, minda ndi manda a makolo. Cimene ambuye ao analephera kuwalanda ndico nyimbo.

Osunga nyimbozo lero ndiwo a Gnawa. Mtsogoleri wao, dzina lace maalem, aimba guembri, coimbira ca zingwe zitatu cosemedwa pa mtengo ndi kukutidwa ndi cikopa ca ngamila. Anzace aomba qraqeb, tizitsulo togwira m'manja, timene kulira kwace, akulu amati, kukumbutsa maunyolo. Mwambo wao waukulu ndiwo lila, ndiko kunena usiku. Acezera kufikira mbandakuca, afukiza lubani, naitana mizimu umodziumodzi, uliwonse ndi nyimbo yace ndi mtundu wace wa nsaru, kufikira wodwala abvina, nagwa, napepukidwa mtima. Ngakhale ali Asilamu olankhula Ciarabu, m'nyimbo zao mwatsala mau a Cibambara ndi Cihausa amene oimba ambiri anaiwala tanthauzo lace.

Kale eni mizinda anali kuwapeputsa, nawayesa opemphapempha. Koma m'1998 mzinda wa Essaouira unayamba cikondwerero ca nyimbozi, ndipo m'2019 bungwe la UNESCO linaziwerengera pa cuma ca anthu a dziko lonse lapansi.