Ligi ya Anthu Akuda ya ku Lourenço Marques, 1924–1959

Mwa masewero onse amene anafika m'dziko la Mozambique pamodzi ndi azungu, palibe amene analowa m'mitima ya anthu koposa mpira wamiyendo. Mwana wa ku Bagamoyo ku Moatize, ngakhalenso wa kumapiri a ku Zóbuè, amayamba kuthamangitsa mpira wachikulunga asanadziwe n'kulemba dzina lake komwe. Komabe ndi owerengeka amene akudziwa kuti inalipo nthawi imene munthu wakuda ankatsekeredwa khomo la mipikisano ya boma, ndi kuti makolo a masiku amenewo sanangokhala pansi manja ali m'khosi, koma anadzipangira ligi yaoyao. Nkhaniyi inachitikira kutali, kum'mwera kwa dziko, koma ndi yoyenera kuti anthu a ku Tete aidziwe, pakuti ndiyo muzu wina wa mpira wa dziko lonse.

Mzinda wa Lourenço Marques, umene unatchedwa Maputo mu 1976, unali ngati mizinda iwiri yoyandikana. Wina unali wa simenti, wokhalamo Apwitikizi ndi azungu ena. Wina unali wa nyumba za bango ndi malata, monga ku Mafalala, Xipamanine, Chamanculo ndi Munhuana, kumene kunkagona anthu ogwira ntchito padoko, panjanje ndi m'nyumba za azungu. Lamulo la atsamunda linagawanso anthu akuda pawiri. Ambiri ankatchedwa indígena: ankayenda ndi kabuku ka chiphaso, ndipo ankatha kugwidwa kupita ku chibalo. Ochepa okha, amene anasonyeza kuti amalankhula ndi kulemba Chipwitikizi ndiponso kuti amakhala mwachizungu, ankalandira kalata ya assimilado.

Kugawa kumeneku sikunalekere pakhomo la bwalo la mpira. M'chaka cha 1923 kunakhazikitsidwa bungwe la Associação de Futebol de Lourenço Marques, lakuyendetsa mpikisano wa makalabu a mumzinda wa simenti, ndipo munthu wosakhala mzungu ankalowamo movutikira. Tsono chaka chotsatira, mu 1924, anthu a kumabango anayambitsa lao, dzina lake Associação de Futebol Africana, limene ambiri ankangoti AFA.

Maina a makalabu ake amasimba okha mbiri ya eni ake. Inhambanense ndi Gazense anasonkhanitsa anthu obwera kudzafuna ntchito kuchokera ku Inhambane ndi ku Gaza, kotero kuti mlendo mumzindamo ankapeza abale ake pa mpira. Munhuanense Azar inatenga dzina la dera la Munhuana. Mahafil Isslamo inali ya Asilamu. Inaliponso Beira-Mar, Nova Aliança ndi Vasco da Gama. Koma dzina lolemera koposa linali la kalabu ya João Albasini, yokumbutsa mtolankhani amene, pamodzi ndi mbale wake José, anayambitsa nyuzipepala ya O Africano, kenaka O Brado Africano mu 1918. Iyeyu anatsutsa poyera lamulo lakuti munthu wakuda ayambe wapempha kalata kuti awerengedwe ngati nzika, ndipo anamwalira mu 1922. Kuvala malaya a kalabu yotchedwa dzina la munthu wotere sikunali kusewera chabe ai.

Mpira wa AFA sunali wa malipiro. Osewera ankagwira ntchito zolemetsa mlungu wonse, nakumana pamabwalo a mchenga, monga la ku Xipamanine, pa masiku opuma. Makalabu ankayenda ndi zopereka za mamembala, anali ndi atsogoleri ndi alembi osankhidwa, ndiponso malamulo olembedwa. M'dziko limene munthu wakuda analibe mau pa zaboma, kalabu inali malo amodzi mwa ochepa kumene ankaphunzira kuchititsa msonkhano, kusunga chuma cha gulu ndi kuweruza milandu ya anzake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la AFA linasenzedwa ndi anthu osauka kwa zaka 35. Nyuzipepala ya O Brado Africano inkalemba zotsatira za masewero ao, ndipo wolemba ndakatulo wotchuka José Craveirinha analembamo za mau a Chironga amene osewera anapeka potchula njomba zao ndi kamenyedwe kao ka mpira. Ichi chinali chizindikiro chakuti masewero achilendo aja anali atasanduka a eni nthaka.

Luso silibisika. Posakhalitsa makalabu a mumzinda wa simenti, ndiponso a ku Portugal, anayamba kusuzumira kumabango. Sebastião Lucas da Fonseca, wodziwika ndi dzina lakuti Matateu, anayambira ku João Albasini, napita ku Belenenses ya ku Lisboa mu 1951, kumene anapambana onse pomwetsa zigoli mu ligi ya Portugal kawiri konse. Mário Coluna nayenso anadzera ku João Albasini ndi ku Desportivo, nalowa Benfica mu 1954, natenga nayo chikho cha makalabu a ku Ulaya mu 1961 ndi 1962. Pamene Portugal inakhala yachitatu pa Chikho cha Dziko Lonse cha 1966 ku England, inali ndi ana anayi a ku Mozambique: Coluna, amene anali kaputeni, Vicente mng'ono wake wa Matateu, Hilário, ndi Eusébio wa ku Mafalala, amene anamwetsa zigoli 9. Olima anali a kumabango, okolola anali a kutsidya la nyanja.

Mapeto a AFA anadza mwa njira yooneka ngati chifundo. Mu 1951 boma la Salazar linasintha dzina la maiko amene linkawalamulira, nkuwatcha zigawo za Portugal za kutsidya la nyanja, ndipo litalowa m'bungwe la United Nations mu 1955 linkalimbikira kunena kuti m'maiko akewo mulibe tsankho la khungu. Mabungwe awiri a mpira mumzinda umodzi ankatsutsa mau amenewo pamaso pa aliyense. Motero mu 1959 AFA inathetsedwa, ndipo makalabu ake amene analandiridwa m'bungwe la azungu anaikidwa m'gawo lachitatu, pansi penipeni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: anthu amene anadziyendetsera okha mpikisano kuyambira 1924 anasanduka alendo pa mphasa ya eni. Lamulo la indígena lokha linadzathetsedwa mu 1961.

Mpikisano wa dziko lonse, umene unayamba mu 1956, unakhala wa onse mokwanira ufulu utabwera pa 25 Juni 1975. Chikho choyamba cha dziko laufulu, cha 1976, chinapita ku Textáfrica ya ku Chimoio. Chigawo cha Tete chinadikira nthawi yaitali: Chingale ya mumzinda wa Tete inapikisanapo m'ligi yaikulu, koma chikho chinafika m'mbali mwa Zambezi mu 2017, pamene União Desportiva do Songo inapambana, nibwerezanso mu 2018 ndi 2022. Pokondwerera zikho zimenezi, nkoyenera kukumbukiranso amalinyero, onyamula katundu padoko ndi antchito a m'nyumba amene anasonkha tindalama tao kuti mpira wa munthu wakuda ukhale ndi bwalo, malamulo ndi dzina. Akale anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.